Kubwezera kopanda mawu mu The Black Pirate

Mu kanema wopanda mawu, mkwiyo umafunika chinthu chooneka ndi maso. The Black Pirate, yomwe Albert Parker anatsogolera mu 1926, imagwiritsa ntchito mphete. Achifwamba a panyanja aphulitsa chombo ndi onga, bambo wina akufera pagombe, ndipo asanatsirizike akupereka mphete kwa mwana wake, yemwe akuseweredwa ndi Douglas Fairbanks. Lumbiro lobwezera lagona pamenepo.

Chikondi chikubwera kudzasokoneza dongosolo. Mnyamatayu walowa gulu la achifwambawo kuti awathere m'kati, ndipo pofuna kuti amukhulupirire akulanda chombo china yekha. M'chombomo muli mwana wamkazi wachifumu, yemwe akuseweredwa ndi Billie Dove. Akamuteteza poyera adziulula. Akangokhala chete mtsikanayo agwa m'manja mwa zigawenga. Ndiye akunyengerera anzakewo kuti amusunge bwino mpaka dipo lifike. Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima: wobwezera akanatha kudikira ngakhale chaka, koma tsopano nthawi yamuthina.

Polanda chombo paja pali chithunzi chotchuka: mnyamatayu akubaya thanga ndi mpeni n'kutsetsereka nalo mpaka pansi, nsalu ikung'ambika. Mpeni wokha sungamugwire munthu. Unamangiriridwa ku chingwe ndi cholemera chobisika kuseri kwa thanga, kuti liwiro lotsikira lichepe.

Mitundu nayo inali ndi zovuta zake. Technicolor, njira yojambulira kanema wa mitundu, nthawiyo inkajambula mitundu iwiri yokha. Galasi la m'kamera linkagawa kuwala pawiri, kwina kudzera m'sefa yofiira, kwina yobiriwira. Kenako ankapanga mafilimu awiri opyapyala omatidwa msana ndi msana, mbali iliyonse ndi utoto wake. Vuto linkabuka poonetsa: kutentha kwa nyale ya makina oonetsera kanema kunkapinda filimuyo ngati chikho, chithunzi n'kuyamba kuoneka mwa chimbuuzi, moti ankaibweza ku kampani ya Technicolor ku Boston, ku America, kuti akaiwongole. Popeza chithunzi chinali mbali zonse ziwiri, sinkachedwanso kukalika, ndipo mikwingwirimayo inkaoneka yofiira kapena yobiriwira.

Mtundu wabuluu weniweni sunkatuluka, chinthu chopweteka pa kanema wa panyanja. Fairbanks, yemwe analinso wopanga kanemayu, sanalimbane nazo. Anasankha mitundu yozizira, yodera ndi yobiriwira mozimiririka, kuti maso a woonera asachoke pankhope za anthu, pomwe chikondi ndi chidani zonse zimawerengedwa.