Madzi amene sindinapemphe ku Vatsiana

Tulo takana. Ndakhala ndikutembenuka ngati chinangwa pamakala, mphepo nayo ikungomenyetsa zenera la kachipinda kanga kuno ku Sarakiniko, ndiye bola ndilembe.

Lero ndinafika ku Tripiti, kumapeto kwenikweni kwa Gavdos, kachilumba ka dziko la Greece kummwera kwa chilumba cha Crete, komwe Ulaya amathera kummwera. Kuli thanthwe lobooka mapanga atatu, ndipo pamwamba pake anaikapo chimpando chachikulu choti munthu ukakwerapo miyendo imangolendewera ngati ya mwana. Ndinajambulitsa, inde. Chimene sindinajambule ndi mabwato osiyidwa pagombe. Limodzi linali lopendekeka, mkati muli zigubu za mafuta, jekete lonyowa ndi kapepala ka mabisiketi kolembedwa Chiarabu. Ndinayang'ana, ndinapitirira. Ludzu linali litandigwira kale.

Pobwerera ndinakwera njira ya ku Vatsiana, kamudzi ka nyumba zowerengeka ndi zala. Botolo langa linali litauma, fumbi mpaka m'nsidze, milomo itang'ambika. Pamthunzi wa nyumba ina panali agogo aamuna, ndodo pakati pamiyendo. Atandiona sanadikire moni. Anadzuka, kulowa m'nyumba, kutuluka ndi botolo la madzi ndi paximadi, buledi wouma uja wa ku Crete amene ukamuluma osamunyowetsa dzino limatsala pomwepo. Anandikhazika pampando wawo. Mumtima ndinati, anthu akuno ulemu wawo ngati wa kwathu.

Ndikumwa, anandigwira paphewa n'kuloza kummwera. "Libya?" Kenako anatambasula zala, kuwerenga m'mwamba, kuyang'ana njira imene ndinadzera ngati kukubwera ena. Dzanja linalo linali litatulutsa kale foni.

Apo mpamene ndinamva. Amafunsa kuti tinali angati m'bwato.

Thupi lonse linatentha. Ndinaimirira madzi ali m'kamwa, kuyamba kupapasa chikwama, kutulutsa tikiti ya sitima yochokera kudoko la Chora Sfakion ku Crete, kutulutsanso pasipoti, kuwaonetsa chidindo cha viza, Chingerezi chikutuluka cha m'mphuno chimene ngakhale kuntchito sindilankhula. Agogo anayang'ana tikitiyo nthawi yaitali, kenako anadzimenya pamphumi. "Signomi, signomi." Anaitana mdzukulu wawo, mtsikana wamkulu ndithu, kuti atimasulire.

Mtsikanayo anati agogo akupepesa, koma ndiwamvetse. Mabwato a anthu othawa kwawo ochokera ku Tobruk, ku Libya, akhala akufika kugombe lomwelo, ulendo wa makilomita pafupifupi 300 panyanja, ndipo amene ali ndi mphamvu amakwera njira yomweyi kufuna anthu. A ku Egypt, a ku Sudan, a ku Bangladesh. Pachilumba chimene kalembera wa 2021 anapezapo anthu 142 okha, nthawi zina obwera tsiku limodzi amaposa eni mudzi. Amawasunga pang'ono kudoko la Karave mpaka atawawolotsera ku Crete. Agogowo, akuti, lamulo lawo ndi limodzi: madzi kaye, mafunso pambuyo.

Kenako kunabwera tsikoudia m'timatambula ting'onoting'ono, kachasu wawo wa mphesa, ndipo nkhani inasanduka ya agogo. Anati Gavdos sichachilendo kulandira anthu amene sanafune kubwerako. M'zaka za m'ma 1930 boma linkatayirako achikomyunizimu, ena mwa iwo Aris Velouchiotis ndi Markos Vafiadis amene pambuyo pake anatsogolera zigawenga kumapiri. Ndinaponyapo yanga kuti ndidziwike kuti sukulu ya Sande ndinapitako: Kauda wa pa Machitidwe 27, pamene ngalawa ya Paulo inabisala namondwe n'kuvutika kukweza kabwato kake, si pompano? Agogo anamenya ndodo pansi mokondwa, ngati ndatchula m'bale wawo. Munali anthu 276 m'ngalawa imene ija, ndipo Paulo anali mkaidi.

Tinaseka, tinasiyana bwino, anakana ndalama. Nanga bwanji mtima sukukhazikika?

Poyamba ndimati ndakwiyira agogowo. Munthu wasunga ndalama chaka chathunthu, wafola pa viza, wasanza m'sitima kuchokera ku Crete, n'kungoonedwa khungu basi. Mzungu akanatulukira njira yomweyo ali mbuu ngati ine, akanamufunsa za Libya? Ayi. Zimenezo n'zoona ndipo sindikuzibweza.

Koma madzulo ndikusambira ku Agios Ioannis, kumene anthu amamanga matenti pansi pa mitengo yakale ya kedros pamchenga, chimene chimangondibwerera ndi manja anga aja. Liwiro lake potulutsa pasipoti! Ngati munthu amene akumunamizira ufiti pabwalo. Agogo sanandithamangitse, sananditukwane, anandipatsa mpando wawo. Ineyo ndi amene ndinachita ngati kufanizidwa ndi mwini jekete lija ndi chipongwe. Chonsecho msuweni wanga anafika ku Joni atabisala kumbuyo kwa thiraki, ndipo malata a nyumba ya amayi anagula ndi iyeyo.

Mwina ndikukulitsa nkhani. Mwina ndi tsikoudia. Ndikatopa ndimakhala choncho, kanthu kakang'ono ndimakatafuna mpaka mbandakucha, amene amandidziwa anazolowera.

Mwini nyumba wati mphepo ikapitirira chonchi sitima ya mawa sibwera, ndipo walankhula mosadandaula ngati wa ku Likoma akamanena za Ilala. Ndiye kuti ndili ndi tsiku lina. Ndimafuna kukaona nyumba ya nyali yotsogolera sitima, ya 1880, pafupi ndi Ambelos, koma mwina ndibwerera ku Vatsiana. Kukanena chiyani, kaya. Paximadi wina anandiikira m'thumba ndikuchoka, ali apa patebulo, sindinamudye.