Anyezi wofiira waonetsa plasmolysis tsopano

Lero maselo a anyezi afota bwinobwino pa maikulosikopu atathiridwa madzi a mchere (kufota kumeneku ndiye plasmolysis), ndipo atapatsidwa madzi afufumanso. Chomwe chakhala chikuvuta masiku onsewa ndi khungu. Kakhungu ka m'kati mwa chikamba cha anyezi kamasendeka mosavuta, koma maselo ake ambiri alibe utoto, moti ngakhale membuleni (kachikopa kopyapyala kokuta za m'kati mwa selo) itachoka pa khoma la selo, pokulitsa chithunzi ka 100 simuona kanthu. Anthocyanin, utoto wofiirira uja, uli mu vacuole (kathumba ka madzi ka m'kati mwa selo) ya maselo a khungu lakunja, lomwe limavuta kusenda. Lilembeni ndi lezala yatsopano kabokosi ka mamilimita 5, kenako nyamulani ngodya imodzi ndi forceps (kopanira kakang'ono) pang'onopang'ono. Mukatengera limodzi mnofu wa pansi, maselo amasanjikizana ndipo chithunzi chimachita mdima. Maselo a m'mphepete mwa modulamo musawawerengere, amakhala atang'ambika kale, utoto utatuluka.

Madzi a mchere ndi magalamu 5 mu mamililita 100. Yambani ndi madzi wamba pa slide (kagalasi koikapo khungulo), pezani malo abwino, kenako ikani dontho la madzi a mchere mbali imodzi ya coverslip (kagalasi kopyapyala kovundikira), tishu mbali inayo kuti ikoke. Pakangopita mphindi zochepa utoto umayamba kuchoka m'ngodya za selo, n'kusonkhana pakati ngati kathumba kophwa. Khoma silisuntha. Madzi akutuluka kupita komwe kwachuluka mchere, ndipo ambiri amadutsa m'mapuloteni otchedwa aquaporin, amene anapezetsa Peter Agre mphoto ya Nobel mu 2003.

Musapupulume kuonjezera mchere. Ukachuluka, kapena slide ikakhalitsa pa nyali yotentha, madzi amauma m'mphepete, mchere umakwera mphamvu, membuleni imaonongeka ndipo maselo amayera osafufumanso. Kavaselini pang'ono m'mbali ziwiri zomwe simukudutsirapo madzi kamathandiza. Kwa ine shuga ndiye wabwino kuposa mchere: magalamu 34 osungunulidwa mpaka kufika mamililita 100 amapereka pafupifupi 1 M (M ndi muyeso wa kuchuluka kwa shuga m'madzi), amachedwerapo koma savulaza maselo msanga. Mchere wa mibulu wa pamsika uli ndi zinyalala zomwe zimadzaza chithunzi, choncho usefeni kaye. Madzi a distilled (oyeretsedwa, opanda mchere) otchipa ndi aja othira m'batire, ogulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto, koma werengani botolo, pakuti asidi wa batire amagulitsidwa pa shelefu yomweyo. 

Chotsatira ndi shuga kuyambira 0.1 M mpaka 0.6 M, kuwerenga maselo ofota pa mlingo uliwonse kuti apezeke malo amene theka lafota. Mwina ndi vidiyo ya pa foni, chogwirira foni pa eyepiece (poyang'anira pa maikulosikopu) chikapezeka, komanso kuyesa tsamba la chomera chotchedwa Tradescantia.