Ku Eymet, kumene Angelezi akuphunzira kukhala alendo

Mayi wina wachingelezi amene tinagwira naye ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri atapuma pa ntchito anagulitsa nyumba ku England n'kusamukira ku France pamodzi ndi amuna awo. Chaka chilichonse ankandiitana, ine n'kumangoti ndibwera, ndibwera. Ulendo uno manyazi anandigwira. Ndinafunsira viza ya Schengen, yolowera ku France ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, poti pasipoti yanga ndi ya ku Malawi, n'kukwera ndege ku Stansted, pafupi ndi London, kukatera ku Bergerac, pa kabwalo kakang'ono koti ungakazungulire konse usanamalize kudya nthochi.

Kwawo ndi ku Eymet, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Dropt, makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Bergerac, m'chigawo cha Dordogne. Anakakhazikitsa mu 1270 ndi Alphonse de Poitiers, mng'ono wa Mfumu Louis IX ya ku France, ndipo bwalo lake lapakati lazunguliridwa ndi makonde amiyala. Lachinayi ndi tsiku la msika. Ukaima pakati pa ogulitsa tchizi ndi nyama ya bakha, khutu limodzi limamva Chifalansa, linalo Chingelezi. Angelezi achuluka kuno moti chigawochi anachipatsa dzina lonyogodola loti Dordogneshire, lomveka ngati la chigawo cha ku England, ndipo ali ndi timu yawo ya cricket. Si achilendo kwenikweni. Dera lino linkalowa ndi kutuluka m'manja mwa mafumu a ku England kuchokera pa ukwati wa Eleanor wa ku Aquitaine ndi Henry, amene anadzakhala mfumu ya ku England, mu 1152 mpaka pamene anagonja pa nkhondo ya ku Castillon mu 1453. Tsopano abwerera, koma atanyamula penshoni m'malo mwa mauta.

M'mawa woyamba bambo aja ananditenga kukagula buledi. Tili pakhomo anandigwira pamkono n'kundinong'oneza kuti, "Musaiwale, poyamba munene kuti bonjour madame." Ndinaseka. Iwo sanaseke. Akuti chaka chawo choyamba ankangolowa n'kuloza buledi, mayi wogulitsayo n'kumawapatsa nkhope ili gwa, ndipo panapita miyezi asakudziwa chimene analakwa. Ine zimenezi sindinavutike nazo. Kodi kwathu ungafunse munthu njira usanamupatse moni? Ndiye pali nkhani ya vous ndi tu, imene ikuwazunguza mutu mpaka lero. Ndi inu ndi iwe basi. Chingelezi chili ndi you yekha, wa mwana ndi wa mfumu yemwe, choncho bambowa tsiku lina anawatchula agogo oyandikana nawo nyumba kuti iwe, atangowaona kachiwiri. Agogowo sananene kanthu, koma moni unazizira kwa sabata zingapo.

Nthawi nayo ili ndi malamulo ake. Ikangokwana 12 koloko masitolo ambiri ang'onoang'ono amatseka mpaka cha m'ma 2 koloko, anthu akudya. Lolemba ena satsegula n'komwe. Lamulungu makina otchetchera kapinga amaloledwa kulira kuyambira 10 mpaka 12 koloko yokha, ndipo Mngelezi ndi kapinga wake mukuwadziwa.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chikwatu cha mapepala chimene amayi aja amasunga m'kabati ya kukhitchini. Madzulo ena anachitulutsa n'kuchiyala patebulo. Munali bilu ya magetsi yaposachedwa, chifukwa maofesi ambiri amafuna umboni wa kumene ukukhala wosapitirira miyezi itatu. Munali kapepala ka manambala a ku banki kotchedwa RIB, kamene amakafuna aliyense kuyambira a madzi mpaka a foni. Munali carte de séjour, chilolezo chokhalira m'dzikomo, chimene Angelezi anayamba kuchifuna dziko lawo litatuluka mu European Union pa 31 January 2020. Munalinso kakhadi kobiriwira ka kuchipatala, carte Vitale. Apa ndi pamene anazolowera movutikira, pakuti ku England ukaonana ndi dokotala sutulutsa ndalama, pomwe kuno umalipira mayuro 30, boma n'kukubwezera pafupifupi 70 peresenti, yotsalayo n'kulipira inshuwalansi yapadera imene amati mutuelle. Kuti alowe m'kaundula ameneyu ngati anthu a penshoni ya ku Britain anafunika fomu ya S1, ndipo kalata zinapita n'kubwera kangapo.

Anzawo ena amene ali ndi nyumba ya tchuthi yokha zawo zinada kwambiri. Saloledwa kupitirira masiku 90 pa masiku 180 alionse popanda viza. Ndinakumana ndi bambo wina wotero pa msika, akudandaula kuti amachonga masiku pa kalendala ngati mkaidi, m'nyumba yogula ndi ndalama zake. Ndinamumvera chisoni, komabe kamtima kena kanali kuseka. Ife kuwerenga masiku a pa viza ndi kuima pamzere ndi envulopu ya mapepala tinayamba kalekale.

Zina ndi zing'onozing'ono. Galimoto imayenda kumanja, ndipo m'misewu ina ya m'midzi wotulukira kudzanja lamanja ndiye amayamba kudutsa, ngakhale akuchokera m'kanjira. Nyumba zambiri zakumudzi zili ndi thanki yakeyake ya zonyansa, ndipo akuluakulu amabwera kudzaiyendera. Ya anzangawa inalephera, ndalama zimene anasungira denga zinathera pansi pa nthaka. Kuyambira January 2021 nyama ndi za mkaka zochokera ku Britain siziloledwa kulowa nazo, ndiye ine anangondituma masamba a tiyi, mapaketi anayi.

Tsiku lonyamuka, agogo oyandikana nawo aja anabwera pampanda atanyamula kathumba ka mtedza wa m'mitengo umene amati noix, umene amalima kwambiri kuderali. Bambo aja anavula chipewa, n'kuyamba pang'onopang'ono ngati mwana wa Sitandade 1, "Bonjour madame, comment allez-vous?" Agogowo anayankha mawu ambirimbiri amene tonse awiri sitinawamve, kenaka kathumbako anapatsa ine.