Mlonda mmodzi wamwano m'kasewero kanga ka Ruby

Kasewero kanga ka pakompyuta kafika poti alonda a pachipata ayamba kuyankhula. Onse amachokera ku class (chikombole chopangira zinthu zofanana m'khodi) imodzi, `Mlonda`, ndipo ukawafunsa njira amayankha chimodzimodzi. Ine ndimafuna mmodzi yekha akhale wamwano, koma kumupangira class yakeyake chifukwa cha timawu tiwiri tachipongwe sindinakuone kwanzeru.

Ruby, chilankhulo cha pakompyuta chimene ndikulembera kaseweroka, imalola kumata method (khodi ya chochita chimodzi, monga kuyankha) pa object imodzi yokha, kutanthauza chinthu chimodzi chochokera ku class, ngati mlonda mmodzi. Ndinalemba `def wamwano.yankha`, basi, anzake onse osasintha. Pansi pake Ruby imatsegula class yobisika ya object imeneyo, singleton class, n'kuiika patsogolo pa `Mlonda`. Ikamafufuza method imayamba yasuzumira m'menemo. N'chifukwa chake `super`, yoitana method ya dzina lomwelo ya mu `Mlonda`, imagwira bwinobwino: mlonda wanga amayamba wakunyoza kaye, kenako n'kukuuza njira monga anzake. Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti `def self.panga`, imene timalemba m'ma class tsiku ndi tsiku, ndi chinthu chomwechi, poti class nayonso ndi object.

Vuto linabuka posunga sewero. Ndimagwiritsa ntchito `Marshal.dump`, chida cha Ruby chosungira ma object, ndipo itangofika pa wamwano inakana ndi TypeError. Ndipo ili ndi chifukwa chomveka: Marshal imasunga deta ndi dzina la class, osati khodi, ndiye method yokhala m'class yopanda dzina ingaibwezeretse bwanji? Pokopera napo pali kamsampha. `clone` imatenga singleton method (method yomatidwa pa object imodzi ija) n'kupita nayo, pamene `dup` imaisiya, mlonda wokoperedwayo n'kusanduka waulemu.

Ndasamutsira mwanowo mu module (phukusi la ma method lokhala ndi dzina), `Mwano`, n'kulemba `wamwano.extend(Mwano)`. Ukadali pa object imodzi yomweyo, koma tsopano uli ndi dzina, moti Marshal yavomera. Kwa ine `def obj.method` ndi yabwino poyesa zinthu mu irb (poyesera khodi ya Ruby pompopompo) kapena m'matesiti. Khalidwe loti likhalitsa liyenera kukhala poti munthu wowerenga khodi alipeze, osati litabisala pa mzere wina kutali ndi class yake.

Ndinayesanso kumata method pa nambala, mwachidwi chabe. Integer (nambala yathunthu) ndi Symbol (dzina loyamba ndi `:`) zimakana, object yotsekedwa ndi `freeze` kuti isasinthe nayonso imakana.

Chotsatira ndi wogulitsa zida amene azikweza mitengo usiku. Ameneyo ndiyesa `define_singleton_method`, chifukwa imalandira block (kachigawo ka khodi) yokumbukira ma variable a pamalo pomwe yalembedwa, zimene `def` sichita.