Sabata ya chibayo m'wodi ya abambo

Mwezi wa June ukafika kuno ku Mzuzu, chisanu chimabwera limodzi ndi odwala chifuwa, ndipo sabata yathayi mabedi ambiri m'wodi yathu anali a anthu a chibayo. Lolemba tinagoneka abambo awiri a msinkhu wofanana, onse tinawayambitsa jakisoni wa ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya. Pofika Lachitatu mmodzi anali atayamba kumwa phala n'kumacheza ndi omudikirira, pamene winayo ankapuma mobanika, kachipangizo ka pachala kakusonyeza okosijeni wosakwana 90 peresenti, manja akuzizira ngakhale thupi lonse linali moto.

Wophunzira wina amene ali nafe pa maphunziro a ntchito anandifunsa chapansipansi kuti, "Adokotala, mankhwala ndi amodzimodzi, nanga bambo awa akulephera bwanji kupeza bwino?" Ndinamuyankha kuti nthawi zambiri chimene chimagwetsa wodwala ndi momwe thupi lake likumenyera nkhondoyo. Mabakiteriya akafika m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo, maselo olondera otchedwa macrophage amatulutsa timapuloteni totumiza uthenga, ma cytokine. Mwa ma cytokine amenewa, TNF-alpha ndi IL-1 amatenthetsa thupi, IL-8 amaitana maselo omenya nkhondo otchedwa neutrophil kuti akhamukire m'mapapo, ndipo IL-6 amalamula chiwindi kupanga CRP, puloteni amene timayeza m'magazi poona kukula kwa nkhondoyo. Zonsezi n'zofunika, koma uthengawu ukachuluka mitsempha ing'onoing'ono imayamba kuchucha, madzi amadzaza timatumba tija mpaka okosijeni amalephera kulowa m'magazi, ndipo BP imatsika. IL-10 ndiye amayenera kuziziritsa zinthu. Komabe kafukufuku wa ku America wa mu 2007 anapeza kuti odwala chibayo amene anali ndi IL-6 ndi IL-10 yemwe wambiri m'magazi ndiwo anali pa chiopsezo chachikulu cha imfa.

Ife m'wodi sitiyeza IL-6, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya malabu a kafukufuku. Timangoona mapazi ake: timawerenga kapumidwe pa mphindi, timayeza okosijeni ndi BP, timayang'ana ngati wodwala akusokonekera mutu kapena wasiya kukodza. Ine ndimakhulupirira namwino amene wawerenga kapumidwe ndi wotchi m'manja kuposa pepala la CRP limene labwera mochedwa.

Lachinayi anafika mnyamata amene anasiya kumwa ma ARV, ali ndi chifuwa chouma komanso phuma loopsa, ndipo zizindikiro zonse zinaloza ku chibayo cha Pneumocystis, chimene chimagwira anthu a chitetezo chofooka. Pamenepa mpamene kuletsa chitetezo cha thupi kuti chisapyole muyeso kumapulumutsa moyo, motero tinamupatsa cotrimoxazole wa mlingo waukulu wolimbana ndi tizilomboto pamodzi ndi prednisolone, mankhwala a gulu la ma steroid amene amaziziritsa chitetezo. Koma ma steroid si a aliyense. Kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain mu 2020 anasonyeza kuti steroid wina, dexamethasone, anathandiza odwala COVID-19 amene ankafunika okosijeni, koma sanathandize amene ankapuma bwino paokha. N'chifukwa chake Lachisanu, pamene mnzanga wina anafuna kupereka prednisolone kwa agogo amene akhala akutsokomola kwa mwezi wathunthu, tinagwirizana zoyamba tatumiza makhololo awo ku makina a GeneXpert kuti tione ngati si TB.