Sabata Imene Ndinaphunzira Kuwerenga Njira za Db2

Lolemba m'mawa ndinafika ku banki imene ndimagwirako ntchito mu Johannesburg ndili ndi chikhulupiriro chakuti SQL, chinenero chofunsira deta yosungidwa m'matebulo, ndimaidziwa bwino, popeza ndakhala ndikuilemba kwa zaka zingapo pa makompyuta ang'onoang'ono. Tsiku limenelo anandisamutsira ku gulu loyang'anira mainframe, kompyuta yaikulu ya banki, kumene maakaunti a makasitomala amasungidwa mu Db2, pulogalamu yosunga deta imene kampani ya IBM inatulutsa mu 1983. Tsiku lonse linathera pozolowera sikirini yakuda ya 3270, yokhala ndi mizere 24 ya zilembo 80, kulowa mu TSO ndi ISPF, mapulogalamu ogwirira ntchito pa mainframe, ndi kulemba funso langa loyamba la SQL mu SPUFI, chida choyendetsera mafunso otere, ndi makiyi okhaokha, popanda mausi.

Lachiwiri pulogalamu ina yolembedwa m'chinenero cha COBOL imene anandipatsa kuti ndiyese inaima ndi nambala ya vuto, SQLCODE -811, kutanthauza kuti funso loyembekezera mzere umodzi lapeza yoposa umodzi. Vuto linali kasitomala amene anali ndi maadiresi awiri. Ndinkafuna kungouza makinawo kuti atenge mzere woyamba basi, koma mayi wachikulire amene akundiphunzitsa, amenenso wakalambira pa makina amenewa, anandifunsa mofatsa kuti ndadziwa bwanji kuti adiresi yoyambayo ndiyo yolondola. Ndinalibe yankho, choncho ndinabwerera kukawonjezera chizindikiro chosiyanitsa adiresi yakale ndi yatsopano.

Lachitatu ndilo tsiku limene sindidzaiwala. Anandipempha kuti ndilembe funso lopeza ngongole zonse zimene zapitirira masiku 30 zisanalipidwe, ndipo ine ndinalemba monga mmene munthu angaganizire: tsiku lolipira, kuwonjezerapo masiku 30, likhale lisanafike lero. Yankho linatuluka lolondola, ndipo ndinakondwa. Mayiwo sanayang'ane yankholo n'komwe. Anakoka mpando, anati, "Bambo, tiyeni tione njira imene yadutsa," kenako analamula EXPLAIN, lamulo loonetsa njira imene Db2 yasankha pofufuza deta, n'kutsegula PLAN_TABLE, tebulo limene njirayo imalembedwamo. Analoza ndi cholembera pa ACCESSTYPE, kolamu yosonyeza mtundu wa njira, pamene panali chilembo R, ndi pa MATCHCOLS, yosonyeza chiwerengero cha makolamu a indeksi amene agwirizana ndi funso, pamene panali 0. Chilembo chimenecho chimasonyeza kuti Db2 yawerenga tebulo lonse, tsamba ndi tsamba, ngati munthu wopeta thumba lonse la chimanga pofuna njere zochepa, pamene indeksi ya tsiku lolipira, mndandanda wothandiza kupeza mizere msanga, inalipo kale. Cholakwa chinali chakuti masamu ndinawaika pa kolamu yeniyeniyo, motero makinawo anayenera kuwerengera mzere uliwonse asanadziwe ngati ukufunika. Titasamutsira masamuwo mbali inayo, kuti tsiku lolipira liyerekezedwe ndi CURRENT DATE - 30 DAYS, R anasanduka I ndipo 0 anasanduka 1, kusonyeza kuti tsopano Db2 ikufufuza pogwiritsa ntchito indeksi. Mawu amene tinasintha sanakwane mzere umodzi.

Wina angaone ngati zimenezi n'zazing'ono, koma ine ndaona kuti si choncho. Ntchito zazikulu za banki zimayenda usiku, imodzi pambuyo pa inzake, ndipo ziyenera kutha nthambi zisanatsegulidwe m'mawa, kotero kuti funso limodzi lochedwa limachedwetsa zonse zimene zili pambuyo pake, kuphatikizapo malipiro amene munthu wina akuwadikira kuti atumize kumudzi. Komanso makampani ambiri amalipira IBM molingana ndi mphamvu ya makina imene agwiritsa ntchito, ndiye kuti funso losasamala limadya ndalama mwezi ndi mwezi popanda wolizindikira.

Lachinayi ndinaphunzira kuti Db2 imasankha njira potengera ziwerengero zimene pulogalamu yotchedwa RUNSTATS yasonkhanitsa zokhudza kukula kwa tebulo, ndiponso kuti SQL yolembedwa m'kati mwa COBOL imasankhiridwa njira pa nthawi ya BIND, gawo lokonzekeretsa SQL ya pulogalamuyo isanayambe kuyenda, ndipo imapitiriza kuitsata mpaka itachitidwa REBIND, kumene kuli kusankhanso njira, ngakhale tebulolo litakula kwambiri. Madzulo ake ndinakumananso ndi SQLCODE -911, yosonyeza kuti Db2 yabweza ntchito yanga itatsekerezana ndi ina, chifukwa ndinagwira mizere nthawi yaitali osalamula COMMIT, lamulo losunga zosintha ndi kumasula mizereyo, ndipo mnzanga wina ankafuna mizere yomweyo pamene ine ndinkafunanso yake.

Lachisanu ndinalembanso funso lakale lopeza malipiro omaliza a akaunti iliyonse, limene linkabwerera m'tebulo pa akaunti iliyonse, ndipo ndinagwiritsa ntchito ROW_NUMBER kuti mizere ipatsidwe manambala ulendo umodzi. Posanja zotsatira ndinadabwa kuona zilembo zikutsogola manambala akutsatira, mpaka anandikumbutsa kuti umu ndi mmene EBCDIC, kasungidwe ka zilembo ka pa mainframe, imasanjira, mosiyana ndi ASCII imene ndinazolowera pa makompyuta ang'onoang'ono. Ndisanapereke ntchitoyo ndinalamula EXPLAIN ndekha, osadikira kuuzidwa, ndipo nditakhutira ndi zimene ndinaona mu PLAN_TABLE ndinaipereka kwa mayiwo pamodzi ndi JCL yake, malangizo ouza mainframe mmene iyendetsere ntchitoyo. Anaiwerenga mwakachetechete, anakonza dzina la fayilo limodzi, ndipo anaiika pa mndandanda wa ntchito zoyesedwa Lolemba usiku.