Sabata yomwe masensa anamva beringi ikudyeka

Lolemba m'mawa kompyuta inationetsa kuti amodzi mwa makina athu opangira magetsi ndi mphepo akunjenjemera mosiyana ndi masiku onse. Khutu la munthu silikanamva kanthu, koma masensa (tizipangizo toyeza kunjenjemera) omatidwa pa giyabokosi, bokosi la magiya lomwe lili pakati pa mapiko ndi jenereta, anali atazindikira kale. Tinadikira mpaka Lachitatu kuti mphepo idekhe, popeza sitikwera nsanja kukuwomba chimphepo.

Giyabokosi imasenza katundu wolemera. Mapiko amazungulira modekha, mwina ka 15 pa mphindi, pomwe jenereta wamba imafuna kuzungulira pafupifupi ka 1,500, choncho magiya amachulukitsa liwirolo pafupifupi ka 100 uku akulandira kugwedeza konse kwa mphepo. Titalowetsa kakamera kam'chingwe mkati mwake, tinaona kuti beringi (kachipangizo kogwira shafuti kuti izizungulira mosakhulana) ya shafuti yothamanga kwambiri, yomwe imapita ku jenereta, yayamba kukumbika, ndipo mu fyuluta ya oyilo munali tizidutswa tachitsulo tonyezimira ngati mchenga. Mwayi wake beringi imeneyi imasinthidwira kumwamba komweko. Vutolo likanafika pa magiya a mbali ya mapiko, tikanatsitsa giyabokosi yonse ndi kireni yaikulu, makinawo n'kukhala chiimire kwa masabata.

Tikupuma Lachinayi, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anandifunsa kuti, "Bwana, nanga bwanji osangoichotseratu giyabokosiyi?" Ndinamuuza kuti ena anatero kalekale. Kampani ya Enercon ya ku Germany inayamba kugulitsa makina opanda magiya, a E-40, mu 1993, ndipo Siemens Gamesa imaika panyanja makina omwe mapiko ake amatembenuza jenereta mwachindunji. Komatu jenereta yozungulira pang'onopang'ono iyenera kukhala yaikulu ndi yolemera, ndipo yambiri imadalira maginito a neodymium, chitsulo chomwe chochuluka chimayengedwa ku China. Ine mtima wanga uli pa njira yapakati yomwe kampani ya Vestas inatsata pa makina ake a V164: giyabokosi yosachulukitsa liwiro kwambiri ndi jenereta ya liwiro lapakati. Njirayi imachotsa gawo lothamanga kwambiri lija, lomwe ndi limene limatikwezetsa nsanja kawirikawiri.

Lachisanu tinaika beringi yatsopano, tinawongola shafuti ndi chipangizo choyezera cha kuwala kwa leza (laser) kuti ilunjike bwinobwino ku jenereta, kenaka tinamasula mabuleki. Ndatumiza oyilo ku labotale, ndipo Lolemba ndidzayamba ndi kuyang'ana mzere wa kunjenjemera uja pa kompyuta.